Mpweya umene unagwetsa alamu anga

Lachiwiri lapitali alamu anga, amuna a achemwali, anagwa panjira tikuchokera ku Khuyu, titatsala pang'ono kulowa mu Chipyela. Anadandaula kuti pachifuwa pakuthina, n'kuika piritsi lawo la mtima kunsi kwa lilime monga amachitira nthawi zonse. M'malo mopeza bwino, miyendo inalefuka, munthu wamkulu khu! pansi.

Tinawanyamulira kuchipatala, achemwali n'kutipeza komweko. Adokotala, mayi wochokera kumtunda osati pachilumba pathu pano, anapeza kuti BP yatsikiratu. Alamu atatsitsimuka, mayiyo anapempha achemwali kuti ayambe atuluka, ine n'kutsala.

"Bambo, kupatula mankhwala a mtima, mwamwanso chiyani?"

Alamu anayankha motsitsa mawu. "Kabuluu kaja, ka mphamvu za abambo. Dzulo. Anandipatsa mnzanga wa boti."

Apa ndi pamene mutu wanga unayamba kuzungulira. Adokotala anati m'makoma a mitsempha yathu ya magazi muli kanthu kosaoneka ndi maso kotchedwa enzaimu, ndipo ntchito yake ndi kupanga mpweya wina, naitiriki okusaidi. Mpweyawo ndi umene umauza mitsempha kuti imasuke, magazi adutse bwino. Piritsi la mtima limauonjezera. Kabuluu kamachititsa kuti uthenga wake usazime msanga. Ziwirizi zikakumana, mitsempha yonse imatseguka nthawi imodzi, magazi n'kulephera kukwera kumutu.

"Mpweya m'magazi?" ndinafunsa. "Si uja mumautulutsa mu jekeseni poopa kuti ungaphe munthu?"

Anaseka. Anati uwu ndi wina, ndi wochepetsetsa, ndipo sukhalitsa. Kenaka anandisokoneza kwambiri: akuti mpweya womwewo umapezekanso mu utsi wa injini ya boti, komanso thupi limaugwiritsa ntchito popha tizilombo toyambitsa matenda.

Ndiye ndi mankhwala kapena poizoni? Ukachepa, BP imakwera. Ukachuluka, munthu amagwa panjira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda ndi fakitale m'thupi osadziwa, ndipo mpaka lero sindinganene kuti ndamvetsa.

Koma chimene chikundizunguza kwambiri si mpweya ayi. Ndi ife abambo. Munthu amene sangagule ukonde asanaufunyulule ndi kuuyang'ana diso ndi diso, amameza bwanji piritsi lopanda dzina, lokulungidwa m'kapepala? Pagombe timakambirana za mwera, za usipa, za mpira, koma za kuchipinda pakamwa pamamangika. Kwa adokotala timatchula mutu ndi msana basi. Safunsa anadya phula, nanga ife tikudya chiyani?

Alamu anatuluka m'chipatala mawa lake akuyenda okha. Tili pakhomo anandigwira dzanja. "Alamu, chonde, izi zithere pompano. Achemwali anu asamve."

Kunyumba, achemwaliwo ndi amene amasunga mapiritsi a mtima. Ndi amene amathamanga nawo pachifuwa pakathina, n'kuwaika okha kunsi kwa lilime la amuna awo. Dzulo anandipeza ndikuchokera kumsika.

"Achimwene, adokotala ananditulutsiranji? Anakuuzani chiyani?"

Ndinati tikambirana, n'kupitiriza ulendo. Mnzawo wa alamu, wa boti uja, abweranso sabata yamawa, mwina ndi kabuluu kena.

Inu owerenga, pakati pa manyazi a mwamuna ndi dzanja la mkazi limene lingamuphe likuyesa kumupulumutsa, mukanateteza chiti?