A Samaliza ndi Denga la a Chitukuko

A Samaliza sanabadwe ndi dzina limeneli ayi. Anawapatsa ndi anyamata oitanira basi, ndipo linawakakamira ngati utoto wa mafuta pamalaya oyera, moti ngakhale adzukulu awo mukawafunsa kuti agogo anu ndani, amayankha osaphethira n'komwe kuti ndi a Samaliza, omanga nyumba aja.

Kumanga ankadziwadi, tisawanamizire. Ali mnyamata anasenza njerwa mpaka tsitsi linathothoka pakati pamutu, kenako anaphunzira chingwe ndi levulo zowongolera khoma. Akaimika khoma, iwe n'kutsinzina diso limodzi, unkangoona mzere umodzi, njo! Koma luso salidya. Ntchito inkapezeka lero, mawa zii, ana n'kumakula ndi makabudula a zigamba. Pa nthawi imeneyo m'pamene anakumana ndi a Chitukuko.

A Chitukuko ndi phungu wa dera lino. Chaka china amakhala nduna, chaka china otsutsa boma, malinga ndi kumene mphika ukuwira. Dzinalo linabwera chifukwa sangapereke moni, ngakhale pamaliro, osatchula chitukuko. Polowa m'chipinda imayamba ndi mimba, eni ake n'kufika pambuyo. Pamsewu waukulu ali ndi nyumba yosanja: pansi masitolo ndi malo odyera, pakati maofesi a maloya ndi dokotala wa mano, pamwamba pake zipinda zogona alendo, za anthu aja amabwera awiriawiri koma polowa amalowa mmodzimmodzi. Onsewa amapereka lendi mwezi usanathe. Koma pamwamba penipeni panali gawo lopanda denga, makoma olekeza m'chiuno, zitsulo zili tolotolo kuloza kumwamba ngati tsitsi la munthu woti waona mzukwa.

Nkhani yake ndi iyi. Khonsolo ya tauni ino sidula msonkho pa nyumba yomwe ikadamangidwa. Lamuloli analikonzera amphawi, aja amagula njerwa zochepa mwezi uno, chitseko chaka chamawa. A Chitukuko anali nawo m'chipinda pomwe linkalembedwa, ndiye analidziwa ngati mmene khoswe amadziwira bowo la m'nkhokwe.

“Mdala, kumanga mumatha?” anafunsa tsiku loyamba, ali m'galimoto, galasi atalitsitsa pang'ono.

“Kwambiri, bwana.”

“Nanga kugumula?”

A Samaliza anakanda padazi.

“Ine ndikufuna munthu woti anthu azimuona ali pamwambapo. Muzimanga kuyambira Lolemba, Lachisanu muzigumula. Simenti muzithira yongonunkhiritsa, njerwa zanga zisasweke. Mwamva? Tsiku lomwe mudzamalize, ntchito yanunso yathera pomwepo.”

Ndiye moyo wawo unakhala umenewo. M'mawa uliwonse kukwera makwerero, kukankha wilibala yomwe analetsedwa kuithira mafuta kuti kulira kwake kuzimveka mpaka kumsika, kukanda matope, kuyala njerwa. Lachisanu hamala. Njerwa zomwezomwezo anaziyala ndi kuzichotsa mpaka ngodya zinatha, zinasalala ngati sopo wa kubafa kwa anthu ambiri. Pakona panali mulu wa malata, matabwa ndi matumba a simenti, zoonetsa alendo. Simenti ikauma, abwana ankagula ina. Ankati n'zotchipa kusiyana ndi msonkho.

Wa khonsolo woyendera nyumba anali Kachipewa, kamunthu kowonda koma kodya ngati moto wa kutchire. Ankaima kutsidya kwa msewu, dzanja pamphumi.

“Ntchito ikuyenda, mdala?”

“Ikuyenda, bwana.”

“Mumaliza liti?”

“Simenti yakwera, bwana.”

Basi, Kachipewa n'kulowa m'malo odyera a pansi paja, kudya za ulere, n'kutuluka akutokosa m'mano. Kachipewa yemweyo akafika kwathu kuno m'makwalala ankasanduka mkango. Kuyeza makhonde a anthu, kusuzumira kuseri kuona ngati khola la nkhuku lili ndi malata. Mayi wina anangokulitsa bafa, anamuwerengera kuti wamanga chipinda.

A Chitukuko nawo pawailesi sankasowa. “Abale anga, msonkho ndiwo magazi a dziko. Wozemba msonkho ndi mfiti, akudya ana athu!” Mayi a kunyumba kwa a Samaliza ankakweza wailesi dala.

“Tamvani abwana anu, bambo. Akunena mfiti. Inu ndiye lichero lawo loulukira.”

“Mbuzi imadya pomwe aimangirira, mayi. Ana anu aphunzira ndi khoma lomwelo.”

Zinali zoona. Khoma losathalo linalipira sukulu, linagula mipando ya pabalaza, linakwatitsa mwana wamkazi. A Samaliza ananenepa masaya, n'kumayenda ngati munthu wa pa ofesi. Anyamata a basi akakuwa kuti, “A Samaliza, mwatsala pati?” iwo ankangokweza chipewa. Galu wa mfumu, paja, ndi mfumu ya agalu.

Chinawasokoneza ndi ukalamba. Mawondo atayamba kulira kuposa wilibala, mdala anayamba kumayang'ana nyumba za anzake. Uyu ankaloza sukulu, uyo ankaloza tchalitchi, wina ngakhale chimbudzi cha pamsika, n'kumati ndinamanga ndine. Za iwo za paunyamata zinagumulidwa kalekale pokulitsa msewu. Ndiye atamva kuti mayi a telala, oyandikana nawo nyumba, akufuna kumanga kachipinda kosokeramo kutsogolo kwa nyumba yawo, anavala malaya a Lamulungu n'kupita. Anapeza mayiwo ali pakhonde, makina akulira, amayi anayi kapena asanu akudikira madiresi awo.

“Mayi, ndamva mukufuna womanga. Ine Loweruka ndimakhala ndilibe chochita.”

Mayi a telala anaimitsa makina, anachotsa mapini pakamwa mmodzimmodzi.

“Inu? A Samaliza, mukufuna ndisokere pamvula mpaka imfa? Ine ndinafika m'tauni muno ndili ndi mimba ya mwana wanga woyamba, inu muli pamwamba paja. Lero mwanayo akumeta ndevu, inu mukadali pawindo lomwe lija!”

Amayi aja anagwa nacho chikhakhali, wina mpaka kugwira m'mimba.

“Ndi malamulo a abwana, mayi. Inunso mukudziwa.”

“Waulesi aliyense ali ndi abwana ake. Tandilozereni khoma limodzi lokha m'tauni muno lomwe munalifikitsa kudenga. Limodzi! Mukandilozera, ntchito ndi yanu.”

A Samaliza anatukula dzanja, kufuna kuloza. Dzanja linazungulira m'malere n'kubwerera m'thumba. Kunyumba chakudya sanachikhudze. Anakhala pampando n'kumayang'ana zikhatho zawo ngati za munthu wina.

Sabata yomweyo a Chitukuko anakwera ndege kupita kunja, kumsonkhano wokambirana mmene maiko osauka angatolerere msonkho wambiri. Inde, anatuma iwowo. Fisi kukaphunzira kuweta mbuzi. Anati akachoka kumeneko akapumulako kaye, poti mimba yotero imatopetsa kunyamula.

Lolemba a Samaliza anang'amba thumba la simenti n'kuthira lonse. Matope anatuluka akuda bii, olemera, onunkhira ngati kale. Manja anakumbuka okha. Lachisanu linafika, hamala inagona pansi. Makoma anadutsa m'chiuno, anadutsa m'mapewa, mawindo anatsekeka pamwamba. Kenako anakaitana alamu awo, achimwene a mayi a kunyumba, kalipentala wodziwa ntchito akakhala kuti sanalawe.

Alamuwo anakwera, anayang'ana makoma, anayang'ana mulu wa malata.

“Alamu, mukudziwa kuti mukudzikumbira manda?”

“Ndikudziwa. Inu khomani chivundikiro chake.”

“Mlongo wanga adya chiyani?”

“Adya kwanu. Si inu munkati ndikamulephera ndimubweze?”

“Ee, koma ndinkanena akadali ndi mano!”

Anaseka, n'kuyamba kukhoma. Mphwake wa a Chitukuko, amene amatolera lendi, sanaone kanthu. Mnyamata ameneyo maso ake sachoka pafoni, mwina kumwamba anayang'anako komaliza ali kumbuyo kwa amake. Phokoso la pamwamba analizolowera. Koma msewu wonse unkaona. Oitanira basi anasiya kukuwa, ogulitsa nsapato pansi ankangoti kukamwa yasa. Malata anakwera limodzilimodzi mpaka nyumba ya a Chitukuko inavala chipewa, dzuwa n'kumawala pamenepo, waliwali.

Tsoka la Kachipewa linali lakuti tsiku limenelo sanabwere yekha. Khonsolo inali italandira bwana watsopano woona za nyumba, mtsikana wa magalasi wongochoka kumene kusukulu, yemwe anali asanaphunzire kudyera pansi paja. Kachipewa, pofuna kuonetsa kuti ntchito amaidziwa, anaima pamalo pake, dzanja pamphumi, maso ali kukhomo la malo odyera.

“Ntchito ikuyenda, mdala? Mumaliza liti?”

A Samaliza anaimirira pamwamba pa denga, chifuwa patsogolo.

“Ndamaliza, bwana!”

Msewu wonse unaombera m'manja, a basi kuliza mahutala. Kachipewa anayang'ana kumwamba, chipewa chinagwa. Mtsikana wa magalasi anati, “Ndiye kuti tiyambe kudula msonkho.” Kachipewa tsiku limenelo sanadye.

A Chitukuko anatera m'tauni ngati mvula ya matalala. Kwa nthawi yoyamba chimangire nyumbayo anakwera okha mpaka pamwamba, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, thukuta lili kamukamu.

“Mdala iwe! Ndinakuuza chiyani? Ukufuna ine, ine, ndizikaima pamzere kukhonsolo ngati wogulitsa tomato?”

“Pawailesi paja munati ndi magazi a dziko, bwana.”

“Za pawailesi ndi za omvera wailesi! Ndakulerera ana, ndakuveka, lero ukundilumanso dzanja? Tenga hamala. Denga ili lichoke ndikuona, ndipo tiiwala zonse.”

A Samaliza anayang'ana hamala. Anaganiza za mipando ya pabalaza, za mankhwala a mawondo, za pakamwa pa mayi a kunyumba. Kenako anayang'ana khoma lija, lowongoka njo mpaka kudenga.

“Manja awa agumula zokwanira, bwana. Pezani ena.”

Anatsika ndi levulo yawo kukhwapa. Ndipo enawo anapezekadi, anjala sasowa. Sabata isanathe anyamata anakwera n'kusasula malata onse, anadzala zitsulo zatsopano pamwamba pa makoma a mdala, tolotolo. Kutsogolo anaika chikwangwani chachikulu chonena kuti nyumbayo ikuonjezeredwa gawo lina. Mtsikana wa magalasi anamusamutsira ku ofesi yoona za manda, kuti akadule msonkho kumeneko ngati angathe. A Chitukuko anapita pawailesi kukanena kuti akukweza nyumba yawo pofuna kupatsa achinyamata ntchito, ndipo anawaombera m'manja. Kachipewa chilakolako cha chakudya chinabwerera. Kukhonsolo sikunapite ngakhale fumbi la m'thumba mwa a Chitukuko.

Kunyumba mayi sanawalankhule mdala kwa masiku angapo, ankangomenyetsa mbale. Ndiye tsiku lina kunamveka odi. Anali mayi a telala, tepi yoyezera ili m'khosi.

“Denga lija ndinaliona lisanachoke. Ine mawu anga sindimeza. Mawa mubwere.”

Mdala anagwira ntchito imeneyo ngati akumanga nyumba ya boma. Kachipinda kongokwana makina awiri ndi benchi, koma maziko ake anakumba ngati a banki. Pulasitala mkati ndi kunja, kakhonde kosalala, alamu awo anakhoma denga asanalawe ngakhale dontho. Mayi a telala atati utoto udikire mwezi wa mawa, mdala anakatenga wotsala kunyumba kwawo n'kupaka yekha mwaulere. Sanafune kuti patsale poti munthu n'kulozapo chala.

Utoto usanaume, Kachipewa anatulukira ndi tepi yake. Anazungulira kachipindako, anagogoda khoma, anagwedeza mutu mosilira.

“Koma mayi, mwamanga chinthu! Iyi tsopano si nyumba yogona chabe ayi, ndi malo a bizinesi. Yomalizidwa bwinobwino. Mubwere ku ofesi, mtengo wake ndi wina.”

Mayi a telala anathamangira kwa a Samaliza nsapato imodzi ili m'manja.

“Mdala woipa inu! Zaka zonsezi mwasunga munthu wa mimba uja osalipira, ine wamasiye mwandipereka sabata imodzi! Simukanasiyako ngakhale windo limodzi lopanda galasi?”

Mayi a kunyumba anatuluka akupukuta m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba chiwachotsereni ntchito anaima kumbali ya amuna awo.

“Anzanga, munkafuna womaliza. Ndi ameneyo, mwamupeza.”

Pano a Samaliza amangogwira timaganyu, apa sitepe, apo ngalande, masaya aja anaphwa. Koma kulikonse kumene akupita, ngakhale kukhale kumbali ina, amadzera kwa mayi a telala. Amaima pamsewu, kugwira aliyense wodutsa pamkono, ngakhale wothamangira basi, n'kuloza kachipinda kaja: “Mwakaona? Ndinamanga ndine.” Mayi a telala amasunga madzi otsukira mbale pafupi ndi khomo, ndipo akangomva mawu amenewo amatuluka ndi beseni. Mdala amangosuntha pang'ono, chala chikadaloza.