Batire ya Galimoto ya Malume Ndinkaipha Ndine

Mpini uja unali wosalala chifukwa cha thukuta la amayi, khasu lake litaguluka kalekale. Ndiyambire pa mpiniwu poti ndi umene ndaubisa zaka zonsezi. Amuna anga sadziwa, amayi sadziwa. Ndine ndinkapha batire ya galimoto ya malume dzinja limene ndinali Sitandade 4, ndipo mlandu wake anasenza ndi bambo anga.

Kwathu n'kumapiri, cha ku Msakambewa, kumene malo athyathyathya ndi bwalo la mpira ndi pakhomo pa malume basi. Malume atagulitsa fodya anagula pikapu yakale yoyera, koma kuyendetsa sankadziwa. Bambo ankadziwa. Iwo pamudzi pathu anali mkamwini, munthu wobwera wolima munda wa eni ake, ndiye makiyi aja anawapatsa ulemu umene khasu silinawapatse. Ankanyamula anthu ndi matumba a feteleza pamsewu wa ku Ntchisi boma, n'kubwera madzulo malaya akununkha dizilo.

Mvula itayamba, batire imene inabwera ndi galimotoyo inafooka chifukwa cha ukalamba. Bambo anachita zimene woyendetsa aliyense wa kwathu amachita: anayamba kuimika galimoto pamtunda itayang'ana kumunsi, kuti m'mawa angochotsa mwala kutayala, itsetsereke, ilire yokha. Kumbuyo ankakufunditsa lona lalikulu lofika pansi kuti matabwa asaole ndi mvula. Handibuleki inali itafa. Choigwira chinali mwala umodzi basi.

Kumunsi kwakeko kunali nyumba yathu, mbali imene amayi ankagoneka mlongo wanga wakhanda.

Tsiku lina mvula itakokolola ndinapeza mwala uja utamira m'matope, tayala litaukwera pang'ono. Sindinauze munthu. Ndinali mwana woopa zinthu chamumtima, ndipo sindinasinthe. Lero mwana wanga akagona nthawi yaitali ndimakamuika chala pamphuno. Ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene bambo anandiuzapo, kuti chopondera chapakati ndi chimene chimaimitsa galimoto. Chitseko sichinkakhomeka. Ndiye madzulo aliwonse, popita kukatsekera nkhuku, ndinkalowa n'kukanikiza chopondera chija ndi mpini, mbali inayo n'kuitsamiritsa kumpando. M'mawa posesa pabwalo ndinkauchotsa akulu asanatuluke, kuopa kundikalipira kuti ndikuseweretsa galimoto.

Malume anagula batire yatsopano. Sipanathe sabata, bambo atapotoza kiyi galimoto inangoti tche, tche, n'kukhala chete.

Apa m'pamene panayambira sukulu imene ndinaikonda kuposa ya aphunzitsi. Boneti ikatsegulidwa ndinkakwera panjerwa kusuzumira. Bambo anayamba ndi zomangira mawaya pamitu ya batire, zimene zinali ndi ufa wobiriwira ngati nkhungu ya pachimanga chonyowa. Anathirapo madzi otentha osakaniza ndi soda wa amayi wophikira therere, ndipo panachita thovu likulira kuti waa. Tsiku lina anatsegula tizivindikiro kuona ngati madzi a m'kati achepa. Fungo lake linandiluma m'mphuno mpaka misozi. Tsiku linanso anakoka lamba wozungulitsa chotchajira batire, n'kupeza kuti ndi wolimba. Galimoto akaikankha n'kupita ku boma, inkabwera batire itakhuta, hutala ikumveka mpaka kutsidya. Ikagona pakhomo, m'mawa zii.

"Masana ikudya bwinobwino," bambo ankatero akukanda m'mutu. "Nanga chikuilanda n'chiyani ikagona?"

Ndikhulupirireni, ine ndinkadabwa nawo ndi mtima wonse. Ndinkaganiza kuti mwina moto wa m'batire umathawa chisanu, ndipo tsiku lina ndinafunsa ngati tingaifunditse bulangete. Amuna odutsa ankasiyapo nzeru zawo. Wina anati batire yatsopanoyo anaikhazikapo pasimenti, simenti n'kuiyamwa. Wina anati mwini wake woyamba wa galimotoyo sanaigulitse ndi mtima umodzi.

Kenako malume anabweretsa makaniko wa ku Dzaleka, bambo wamtali wolankhula Chichewa chopindika, atatenga kababu kokhala ndi mawaya awiri. Anamasula waya umodzi wa batire n'kulumikiza kababuko pakati. Anati ngati pali chinthu chikuba moto galimoto itazimitsidwa, babu iyaka, ndipo iye azizula mafyuzi limodzilimodzi mpaka babuyo itazima, wakubayo apezeka pomwepo. Ine mtima unali dyokodyoko. Kugwira wakuba ndi kababu! Ndinaunjikana ndi akuluakulu, maso onse pakagalasi kaja.

Babu sinayake. Unali m'mawa, mpini uli kuseri kwa nkhokwe kumene ndinauimika ndekha.

Makaniko anayesa kawiri, anagwedeza mawaya, anatsegula ndi kutseka zitseko. "Galimoto ilibe mlandu, bwana," anauza malume. "Chodya moto chimabwera ine kulibe."

Malume anatembenukira bambo. Pamsika panali munthu woonetsa mpira pa kanema woyendera mabatire, ndipo bambo ankakonda kucheza naye.

"Alamu, batire imeneyi imagona m'galimoto, kapena imapita kukaonetsa mpira?"

Bambo anaseka poyesa nthabwala. Malume sanaseke.

"Achimwene, mawu amenewo ndi olemera," anatero amayi ali pakhonde, mwana ali kubere.

"Iwe khala chete, ndikufunsa alamuwa."

Bambo anapukuta zala chimodzichimodzi ndi kansanza, anatulutsa makiyi m'thumba, n'kuwaika paboneti mofatsa ngati dzira.

Tsiku lomwelo galimoto anaikankhira kubwalo la malume, pamalo osatsetsereka, n'kupeza woyendetsa wina. Ine ndinalibenso chifukwa cholowera m'menemo. Batire sinafenso ngakhale tsiku limodzi, ndipo pamudzi anthu anati, mwaonatu. Fodya asanayambe kusokedwa bambo anapita kukagwira ntchito kuesiteti ku Kasungu. Anabwerera patatha zaka ziwiri, koma chiwongolero sanachigwirenso, ndipo malume akafika pakhomo iwo ankakumbukira kuti mbuzi sizinamwe madzi.

Ndinazidziwa ndili kukoleji, m'kalasi ya zamagetsi. Aphunzitsi ananena mongodutsa kuti m'galimoto zambiri nyali za mabuleki zimayaka ngakhale kiyi atazulidwa. Anzanga ankalemba, ine cholembera chinaima. Mphamvu zanga za mwana sizikanagwira pikapu pamtunda, zinkangokwanira kuyatsa mababu awiri ofiira, amene ankayaka kuyambira madzulo mpaka kucha pansi pa lona, popanda wowaona.

Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndi mipata. Malume atadwala chaka chatha ndinakhala pamphasa pambali pawo masana onse, mawu ali pakhosi, koma ndinangowasendera nthochi. Anapita akudziwa kuti mlamu wawo anali wakuba. Bambo tsopano akalamba. Ndikapita kumudzi amanyamula mwana wanga n'kumamuyendetsa pabondo, akulira ngati injini, ndipo ndimaopa kuti ndikawauza adzayenera kusankha pakati pa kundikwiyira ndi kunamizira kuti zilibe kanthu.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi ichi: tsiku limene bambo anasiya makiyi, ine ndinakondwa. Galimoto inali itachoka pamwamba pa nyumba yathu, mlongo wanga anali atapulumuka, ndipo ndinathamanga kukatunga madzi ndikuimba. Sindinamvetse chifukwa chimene amayi anandiyang'anira choncho.

Inu amene muli ndi ana ndiponso makolo, tandiuzani. Pokhala chete mpaka lero, ndawasunga bambo anga, kapena ndadzisunga ndekha?