Tsiku Limene Ufa Unakwera Ndege

Zaka zinayi ndinatchetcha udzu pa kabwalo ka ndege ka pa esiteti ina kumunsi kwa phiri la Zomba, ukapitirira Chinamwali. Sukulu ndinaisiyira sitandade seveni, nditagwirana pakhosi ndi aphunzitsi pa nkhani ya khasu limene sindinabe ine. Ntchito imene ndinaipeza ndi imeneyo: chikwakwa m'manja, kukwirira mauna a mfuko, kugumula chulu chikangoyamba kutukumuka, kuthamangitsa mbuzi za eni ake, kupopa mafuta a ndege mu mgolo. Kandege kake kanali kamodzi, ka mipando inayi, ka eni esiteti. Woyendetsa anali mdala wina wa imvi, wochepa mawu, amene tonse tinkangomutchula kuti akaputeni.

Kandegeko ndinkakatsuka, kukakankha, kukamangirira ndi zingwe mphepo ikavuta. Koma m'mwamba ndinali ndisanapiteko. Akaputeni ankati, "Mpando ukadzapezeka ndi wako, mphwanga." Mawu amenewa anakalambira m'kamwa mwawo. Mpando unkapezeka wa azungu obwera kudzaona phiri, wa akalaliki, tsiku lina mpaka wa galu wa abwana wopita kwa dokotala ku Blantyre. Ine ndinkatsala pansi, udzu wouluzika ndi mphepo ya pulopela uli m'maso.

Achemwali anga anakwatiwa kuchigwa, cha ku Bangula, kwa anthu amene mkazi amatsatira mwamuna. Chaka chimenecho mvula inachita kunyanya. Achemwaliwo anachira mwana wawo woyamba sabata imene madzi analowa m'nyumba, chimanga chawo chonse n'kupita ndi matope. Uthenga unatipeza kudzera pa foni ya pa golosale. Msewu unali utaduka. Amayi anasiya kudya bwino, ankangokhala pakhonde n'kumafunsa aliyense wodutsa ngati wamva kuti mabasi ayamba kudutsa.

Lachiwiri lina akaputeni anandiitana m'shedi. Anayala mapu pamwamba pa mgolo, m'mbali n'kutsindika ndi masipanala.

"Loweruka ndili ndi ulendo," anatero. "Ndikatenga pampu ya madzi pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndikaitula ku Bangula, ndibwerere tsiku lomwelo. Pampuyo itenga mpando umodzi wakumbuyo. Yatsala iwiri. Wakutsogolo ndi wako. Winawo, ndamva za amayi ako."

Ndinawerama pa mapu paja. Iwo anatenga pensulo n'kuyamba kundionetsa ulendo wonse ngati ndine munthu woti ndingathandizepo nzeru. Mzere woyamba, Zomba mpaka Thyolo. Wachiwiri, kutsetserekera kuchigwa, mtsinje wa Shire uli kudzanja lamanja. Wachitatu, wautali, wobwerera kuno. Anati kuchigwako kulibe mafuta a ndege, choncho tinyamuke ndi okwanira kupita ndi kubwera, ndi ena apadera oti mwina tingazungulire mtambo. Anati kabwalo ka ku Thyolo n'kakafupi, kumapeto kwake kuli mitengo ya bulugama, ndipo pamenepo m'pamene kandege kadzakhale kolemera kwambiri, pampu itakwera. Kenako anatuluka panja n'kuloza phiri ndi chibwano.

"Nyengo ino mitambo imasonkhana masana. Ikatsika mpaka kuphimba mapaini a ku Mulunguzi, ine pano sinditera. Ndiye thu koloko tikhale titabwerako. Tsono tamvera. Undibweretsere makilo ako ndi a amayi ako. Oyeza pa sikelo, osati a m'mutu mwako. Katundu wanu nonse awiri asapitirire makilo khumi."

Ndinafika kunyumba ndikuthamanga. Amayi atamva za ndege anagwira pakamwa, atamva za kuyeza anakwinya nkhope.

"Sikelo ya chiyani? Ndine mwana wa ku sikelo ine?"

Sikelo yoti munthu wamkulu n'kuimapo inali imodzi yokha kwathu kuja, ya mkulu wina wachiyao wogula nandolo pafupi ndi msika. Amayi anapempha kuti tipite m'mamawa, anthu asanachuluke. Ine ndi phuma langa ndinawakokera komweko Lachitatu masana, msika uli wodzaza. Anavula masilipasi, anakwera pa chitsulo chija maso ali pansi. Mkulu uja akusuntha mwala wa sikelo anaseka.

"Achimwene, thumba ili mwaligwira kuti? Giredi wani ameneyu, wopanda anankafumbwe!"

Amayi ogulitsa tomato anafa nacho chikhakhali. Wina anakuwa kuti kodi masiku ano tayamba kugulitsa makolo. Mutu wanga unatentha.

"Mukuseka chiyani? Akukwera ndege Loweruka amenewa! Akupita ku Bangula kukaona mdzukulu. Inu munakwerapo chiyani kuposa kabaza?"

Pamenepo m'pamene ndinadziphera ulendo ndekha, ndi pakamwa panga. Dzuwa lisanalowe, Chinamwali yense anali atamva.

Anayamba ndi mai a kuseri kwa nyumba yathu, ndi mpunga wa ku Chilwa m'kathumba ka shuga. "Mukampatse mwanayo, aziphika phala." Amayi a kumpingo anabwera atatu, atanyamula nyemba, sopo ndi matewera. Azakhali anatsika kuphiri ndi dengu la kachewere pamutu. Agogo ena amene achemwali ankawatungira madzi ali mtsikana anabweretsa kalongonda wokulunga m'chitenje cha chipani chimene iwo eni sanachivotere. Kunabwera matemba, chinangwa chouma, chigubu cha thobwa. Pamwamba pa zonsezo amayi anakagayitsa chimanga chathu chomaliza, thumba la ufa n'kulisoka pakamwa ndi chingwe.

"Makilo khumi, amayi! Khumi! Simunamve?"

"Ndamva. Chindege chonsecho chingalephere kathumba ka ufa? Mu minibasi amati anayianayi, koma timakhala asanu, mbuzi ili kumapazi. Ukawauze bwino akaputeni akowo, afendako pang'ono."

"Si minibasi iyi!"

"Usandikuwire, sindine mnzako wa ku bawo. Tsono ukufuna ndibweze cha ndani? Cha mai a kuseri? Cha azakhali ako? Munthu wakupatsira katundu wa mwana wobadwa kumene, iwe n'kumubwezera, ndiye kuti wamutukwana. Mawa zovuta zikagwa pakhomo pano adzatiphikira ndani?"

Ndinamenya chitseko n'kutuluka. Mumtima ndinkadzinamiza kuti mwina akaputeni anangokhwimitsa mawu, mwina pali malo ena amene anabisa. Zaka zinayi ndikuwaona akuyeza chilichonse, ngakhale chikwama cha mzungu, koma ndinasankha kuiwala.

Loweruka tinafika pabwalo ndi akabaza atatu. Kunja kunali kowala, phiri lonse likuoneka mpaka miyala ya pamwamba. Akaputeni anali atayendera kale kandege, akuyang'ana mafuta m'kabotolo. Anapereka moni kwa amayi mwaulemu, atavula chipewa. Kenako anayang'ana mulu wa katundu uja nthawi yaitali. Sanakalipe. Anangotenga sikelo yopachika, n'kuikoleka pa mtanda wa shedi.

Tinayeza chimodzichimodzi, iwo akulemba kuseri kwa mapu. Atamaliza anandionetsa pepalalo. Ine ndinali makilo 58. Katundu anapitirira muyeso ndi makilo 55.

"Waona?" anatero. "Apa pali anthu atatu, mipando iwiri."

"Tichotseko mafuta."

"Kuti tikatere m'munda wa nzimbe?"

"Nanga pampuyo? Idzapite tsiku lina."

"Pampuyo ndiye mwini ulendo, mphwanga. Tonsefe tangopemphako lifiti."

Chimene ndinachita pamenepo sindinyadira nacho. Ndinamenya theche chigubu cha thobwa, chinaphulika, thobwa n'kumwazikira pa tayala la ndege ndi pa nsapato za akaputeni. Ndinagwira dengu la kachewere n'kulikhuthulira pa udzu. Ndinatukwana Chinamwali yense, msika wake, sikelo yake, ndi anthu opatsa zinthu pamene sanapemphedwe. Akabaza aja, amene anatsalira kuti aone ndege ikunyamuka, anabwerera m'mbuyo n'kukaima kuseri kwa njinga zawo.

Amayi anayandikira dengu lija. Anagwada, anatola kachewere mmodzimmodzi n'kubwezera m'dengu. Atatha anakhala pa thumba la ufa, n'kukonza mpango kumutu.

"Pita wekha," anatero motsitsa mawu. "Ndege ndi yako, waidikira nthawi yaitali. Ukamuone mwanayo, udzandiuze. Ine sindingatsike pamaso pa asewere anga chimanjamanja, mwana wanga akuyamwitsa ndi njala. Ndikamupatsa chiyani, moni?"

Ndinayang'ana akaputeni kuti mwina anenapo kanthu. Iwo ankapukuta nsapato ndi udzu.

"Ndege siidziwa mwambo, siidziwanso lonjezo," anatero osandiyang'ana. "Imangomva kulemera. Mitengo ya ku Thyolo ija siisuntha chifukwa munthu ali ndi chifukwa chabwino. Gwirizanani msanga, dzuwa likukwera."

Kunena zoona, sindinasankhe chifukwa cha mtima wabwino. Mkwiyo unangondithera, monga umathera moto wa mapesi, ndipo chimene chinatsala ndi kutopa. Ndinaona kuti ndikakwera ndekha ndikafika ku Bangula ndi manja awiri ndi nkhope yangayi, achemwali n'kumayang'ana kumbuyo kwanga kufuna amayi awo. Ndinaonanso kuti zinthu zonsezi ndinaziitana ndine, pa sikelo paja.

"Dzukani pa thumbapo," ndinatero.

Ndinalongedza ndekha, akaputeni akundiuza poika chilichonse: zopepuka kumchira, zolemera kutsogolo. Amayi anakana mpando wakutsogolo, anati sangakhale moyang'anizana ndi chopukusa chija. Choncho akaputeni anabweza mpando wanga m'mbuyo kuti thumba lisagunde chiwongolero, ine n'kukhazikapo ufa, n'kuumanga lamba pamimba ngati munthu. Kabaza wina anaseka. Nditamuyang'ana anasiya.

Ndinathamangitsa mbuzi ziwiri kumapeto kwa bwalo, ndinachotsa matabwa a kumatayala, ndinakweza chala. Kandege kanathamanga pa udzu umene ndinatchetcha ndekha dzulo lake, kanadzuka mwaulesi, kanakhotera kumwera. Ndinakayang'ana mpaka kanasanduka kadontho.

Tsikulo linatalika. Ndinatsuka thobwa pa simenti ya shedi nyerere zisanabwere. Ndinatenga chikwakwa n'kuyamba kutchetcha pamalo potchetcha kale. Ndinkawerengera ndekha monga mwa mizere ya pensulo ija: pano atera ku Thyolo, pano akukweza pampu, pano adutsa mitengo ija kapena sanaidutse. Apa ndinaponya chikwakwa, ndinakhala pansi. Ndikanakakamira, ndikanakwera pamodzi ndi ufawo, bwenzi pano tikunena zina.

Chakumasana mitambo inayamba kuunjikana pamwamba pa phiri. Inayamba yoyera, kenako yotuwa kumimba, n'kumatsika pang'onopang'ono. Mapaini a m'mwamba anabisika. Ndinaima pakati pa bwalo, khosi lili m'mwamba, ndikutukwana chamumtima amayi amene ndinkadziwa kuti akutsanzikana ndi mudzi wonse mmodzimmodzi. Thu koloko itapitirira pang'ono ndinamva kulira kwa injini. Kandege kanatera madontho oyamba akugwa.

Amayi anatsika atagwira kamtolo ka milamba yowamba, mphatso ya asewere awo. Nkhope yawo inali ina, yopepuka, imene ndinali ndisanaione chiyambire mvula.

"Mchemwali wako ali bwino," anatero ndisanafunse. "Wawonda, koma ali bwino. Ndamuphikira phala ndekha, wadya mbale ziwiri. Kamwanako n'kakamuna. Kamalira katakunga zibakera, ngati wina wake amene ndimamudziwa."

"Nanga m'mwambamo? Shire munamuona? Phiri la Mulanje? Nyumba zimaoneka bwanji?"

"Ndione chiyani? Ndinafunda chitenje kumutu kuyambira pano mpaka uko, ndikupemphera. Pobwera chimodzimodzi. Zinthu zoopsa ngati zimenezi munthu n'kumayang'ananso?"

Ndinafuna kukuwa, koma mphamvu zake ndinalibe. Akaputeni anandigwira paphewa. "Ulendo wina, mphwanga." Ndikhulupirira ankanena zoona. Koma chaka chisanathe esiteti inasintha manja, kandege kanagulitsidwa, pabwalo paja analimapo chimanga. Ine pano ndimapalasa kabaza, Chinamwali mpaka m'tauni.

Madzulo amenewo amayi anabisala mvula m'shedi, akuwerengera akaputeni mayina a onse oyenera kukathokozedwa. Ine ndinakankha kandege, ndinakamanga zingwe, n'kulowa m'kati ndi kansanza. Mpando wakutsogolo unabwera wopanda kanthu, lamba ali lende, ufa uli mbuu m'mizere ya nsalu. Ndinaupukuta, koma wina unakanirira. Kenako ndinakhalapo. Ndinakokera mpando kutsogolo, ndinadzimanga lamba, ndinatseka chitseko. Pagalasi sipankaoneka kanthu, madzi okhaokha, phiri lonse litamezedwa. Ndinakhala momwemo mvula ikulira pa mapiko, mpaka amayi anatuma akaputeni kudzagogoda kuti tizipita, nsomba zinganyowe.