Amake Gidiyoni

Amayi anga akabwera m'maganizo, choyamba kufika ndi fungo la mafuta ophikira a saladi opsa pa mbaula, utsi wa malasha onyowa, ndi kulira kwa vitumbuwa vikugwera m'mafuta dzuwa lisanatenthe miyala ya ku Kanyama. Ankagulitsira m'mbali mwa msewu wopita ku mafakitale, pomwe amuna ankadutsa wapansi kupita ku ntchito, nsapato zili m'manja nyengo ya mvula, chifukwa komboni yonse inkasanduka dziwe. Anali mayi wamfupi, wa manja akuluakulu, wosadziwa kukhala pansi. Dzina lawo lobadwa nalo linali Tisauke, koma sindinamvepo munthu akuwaitana nalo. Kwathu mkazi akabereka amatchedwa ndi dzina la mwana wake woyamba. Woyamba ndinali ine. Choncho anali Amake Gidiyoni.

Ana a masiku ano sangamve kulemera kwa chinthu chimenechi. Tinalibe kanthu. Atate ankanyamula matumba a simenti, nyumba yathu inali ya zidina, malata ake otsindikira ndi miyala. Koma pa pompi potunga madzi, kumsika, kutchalitchi, pa mzere wodikira shuga ndi sopo, dzina langa linkamveka tsiku lonse. Mwana wadwala malungo, itanani Amake Gidiyoni. Mkazi wathamangitsidwa ndi mwamuna wake, akagona kwa Amake Gidiyoni. Anthu ankawakonda, ndipo nthawi iliyonse akawatchula ankatchula ine. Ndinkayenda mutu uli m'mwamba.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala ba Chanda, kalipentala wochokera ku Kasama. Mkazi wawo anamwalira atangobereka mwana wamwamuna, dzina lake Mutale. Achibale anali kutali. Amayi nthawi imeneyo ankayamwitsa mlongo wanga Eneresi, ndipo anangolowa m'nyumba ya maliro, n'kutulukamo ndi khandalo m'chitenje. Kwa atate anati ndi za masiku ochepa, mpaka abale ake afike. Abale anafikadi. Azakhali ake anamuona mwanayo atanenepa, anathokoza, n'kubwerera. Pambuyo pake ba Chanda anapita ku migodi kukafuna ntchito, anakwatira kumeneko, ndipo moni wawo unkabwera mwa apo ndi apo mpaka unaleka.

Amene anayambitsa dzina latsopano anali akazi achibemba a pamsika. Kwawo amati Bana uje, monga ife timati Amake uje. Pofuna kuthokoza anayamba kuwapatsa moni amayi kuti Bana Mutale, akuseka, akugwira mwanayo patsaya. Amayi ankayankha. Zaka zimenezo, ufulu utangobwera, anthu ankathira mu Lusaka ngati nyerere, ndipo mwezi uliwonse ku Kanyama kunkamera nyumba zatsopano. Obwerawo sankandidziwa. Ine ndinkakhala kusukulu, Eneresi anayenda msanga, koma Mutale anali wodwaladwala, ndipo anakhala kumsana kwa amayi mpaka miyendo yake inkawagunda m'ntchafu. Aliyense wogula vitumbuwa ankaona mayi ndi mwana kumsana, n'kumva dzina limodzi. Dzina langa linayamba kuchepa ngati madzi a m'chitsime mwezi wa Okutobala.

Sindinamumenyepo Mutale. Ndikunena zimenezi kuti zimveke. Ndinkamusambitsa, ndinkamutengera kumsana amayi akakhala pa mzere. Koma akandisekerera sindinkamubwezera.

Tsiku lina Loweruka ndinali kumsika kuthandiza amayi. Chipani chinali chitatsala chimodzi chokha, ndipo kukabwera mlendo wamkulu wa boma, akazi a m'misika ankatengedwa pa lole kukavina kubwalo la ndege. Wokana ankataya malo ake ogulitsira. Anabwera acheyamani a dera lathu, bambo wa mimba yaikulu ndi chipewa, n'kuyamba kuitana akazi mmodzimmodzi. Atafika pa ife anati, "Bana Mutale, kwelani, nthawi yasila."

Ndinaika beseni pansi, n'kuima patsogolo pawo. Ndinati, "Aba ni Amake Gidiyoni. Gidiyoni ndine."

Msika wonse unatembenukira kwa ine, chifukwa acheyamani sankayankhidwa ndi munthu, makamaka mwana wa kabudula wong'ambika. Kenako mayi wina ali kale pamwamba pa lole anati, "Mvelani kamdala aka. Kali na jelasi monga mkazi wa pa mitala." Akazi onse anaseka, acheyamani anaseka mpaka kuvula chipewa, ndipo wina anati andipezere mkazi msanga ndisiye wa atate anga. Amayi sanaseke, komanso sananene kuti mwanayu akunena zoona. Anamasula Mutale, n'kumuika m'manja mwanga, n'kukwera.

Anabwerako dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu ndi fumbi, mawu atasasa. Anakhala kuseri kwa nyumba n'kumakwecha chiwaya ndi mchenga. Anandiitana. Ndinkaganiza kuti ndikwapulidwa chifukwa choyankha akuluakulu, koma sanadzutse n'komwe mutu.

"Gidiyoni, iwe ukasoba mu komboni, bantu bazakuyangana chabe pa nkhope, bazakuleta kuli ine. Uyu akasoba, bazamupeleka kuli ndani?"

Ndinati angamupereke kwa ife, aliyense akudziwa kuti amakhala kwathu. Anati kukhala pa nyumba ndi kwina, kukhala ndi mayi ndi kwina, ndipo mwana amene palibe mkazi woyankha ku dzina lake amakumbutsidwa umasiye wake tsiku lililonse popanda womuuza. Ndinawafunsa ngati Mutale akakula adzandibwezera dzina langa. Anati dzina si chitenje chobwereka. Kenako anatulutsa chitumbuwa chopserera m'mbali, chimene ankadziwa kuti ndimakonda, n'kundipatsa. Ndisanalume, anatulutsa china chotero n'kupatsa Mutale.

Munthu asaganize kuti sankandikonda. Anayenda wapansi mpaka ku Matero kukandipemphera malo a sukulu. Nditathyoka mkono anandibereka, ndili mnyamata wamkulu, mpaka pomwe tinapeza galimoto. Nditayamba ntchito yowotcherera zitsulo ku Kabwe, ankanditumizira chiwawa chouma, masamba a maungu aja, ndi nsinjiro kudzera kwa aliyense wokwera sitima. Zonsezi ndikuzidziwa. Koma ine anandipeza ndili kale m'mimba mwawo, sanafunsidwe. Pamene Mutale, amayi anachita kulowa m'nyumba ya eni n'kukamutenga.

Atate okha ndi amene sanasinthe. Akalowa pakhomo madzulo, simenti ili m'tsitsi, ankati, Amake Gidiyoni, madzi. Atamwalira, dzinalo linapita nawo.

Amayi anamwalira zaka zimene mizere ya ufa inkayamba m'mamawa n'kutha masana. Ndinali nditakhala ku Kabwe nthawi yaitali, ndi mkazi ndi ana. Mutale sanachoke ku Kanyama. Anali atakhala telala, makina ake ali pakhonde la amayi, ndipo ndiye anawadwazika. Pa maliro panadzaza anthu kuposa amene ndinawaonapo pa maliro a munthu wosauka: akazi a kumsika, amayi a mpingo atavala zoyera, amuna amene anadya vitumbuwa vyawo ali anyamata, ngakhale acheyamani aja, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Aliyense amene ankandigwira dzanja ankafunsa kuti ndine ndani wawo wa Bana Mutale.

Kumanda, dothi litaunjikidwa, inafika nthawi yoika maluwa. Mwambo wake ndi wodziwika: ngati mwamuna kulibe, amayamba ndi mwana woyamba kubadwa, ena n'kutsatira. Mkulu wa mpingo amene ankaitana anali wobwera, wa zaka zochepa mu Kanyama. Sanafunse aliyense, ndipo sindingamunene, chifukwa dzina linali litamuuza kale. Anakweza nkhata yaikulu n'kunena kuti mwana woyamba wa malemu, ba Mutale, abwere kutsogolo.

Eneresi anandigwira malaya. Sindinasunthe. Ndinali nditalankhula kale kamodzi pa msika, ndipo ndinkadziwa mmene zimathera.

Mutale anapita kutsogolo, maso atatupa. Analandira nkhatayo ndi manja awiri. Sanapite kukaiika pa manda. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pomwe ndinaima, n'kugwada pa dothi lofiira lija.

"Bakulu banga, iyi ni yanu. Ine nili nambala fili, wachitatu."

Ndinailandira, ndinakaiika kumutu kwa manda. Kumbuyo kwanga ndinamva akazi akunong'onezana, ndipo sankanena za ine. Ankati onani mmene Bana Mutale analerera mwana, ulemu wake, mtima wake. Ngakhale tsiku limenelo, maluwa ali m'manja mwanga, anthu anabwerera kwawo akutamanda iye.

Tsopano tonse ndife nkhalamba. Mutale amakhala ku Mtendere, maso sakuonanso ulusi, ndipo mwezi ukatha amabwera kudzandiona. Ndimamulandira, timadya, tilibe mlandu. Ndi munthu wabwino. Nsanje yanga sinafune kuti akhale woipa, ndipo n'chifukwa chake sinathe.

Nthawi zina ndimakwera minibasi kupita ku Kanyama. Pamene amayi ankagulitsira pali sitolo ya matayala. Koma patsala agogo awiri atatu amene anali atsikana pamsika paja, ndipo akandizindikira amauza adzukulu awo kuti awa ndi akulu awo a ba Mutale, mwana wa Bana Mutale aja. Ndimawakonza. Ndimati anali Amake Gidiyoni. Amavomera kuti andikondweretse, ndipo asanamalize nkhani amakhala atabwereranso ku dzina lawo lija. Ndimakhalabe pa benchi n'kumamvetsera, chifukwa pa dziko lonse ndi okhawo otsala amene amakumbukira mmene amayi ankasekera.