Nkhululu ya Kuseri kwa Nsanza Zofiira

Fungo la nkhululu zokazinga pamsika wa Milange lero landikumbutsa kwathu ku Mongue, chaka chomwe tinabwerako ku Malawi kothawa nkhondo.

Kumudzi tinapeza tchire ndi njala basi. Mlongo wanga wamng'ono, Rosa, anali atasiya ngakhale kulira, ankangoyasama. M'mawa wina ndinaona kamulu ka dothi lofewa, chizindikiro cha una wa nkhululu, kuseri kwa timitengo tomangidwa nsanza zofiira. Ndinkayesa kuti nsanzazo anamanga ndi munthu womana, wokaniza anzake ndiwo. Ndinalowa ndi khasu n'kuyamba kukumba.

"Zeka, mwanawe, usagwetsenso khasulo," anatero amayi ali panjira. "Ima pomwepo."

"Yatsala pang'ono, amayi! Ndi ya Rosa!"

Sanathamange. Anabwera pang'onopang'ono, akuponda momwe ndinaponda ine, n'kundibereka. Ndinkawamenya zibakera kumsana, ndikulirira nkhululu yanga. Tsiku limenelo Rosa anagonera madzi okha, ndipo ine amayi sindinawalankhule.

Zoti nsanza zofiira zija zinali chenjezo la mabomba okwirira ndinadzamva nditakula. Koma chimene chimandisowetsa mtendere mpaka pano n'chakuti phazi la amayi linali lalikulu, silinkakwana m'timapazi tanga.