Yauma

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira ndinali pa kontirakiti yaifupi pa famu ina yochulukitsa mbewu ya chimanga, kufupi ndi Nsaru. Ndinkasamalira makompyuta a mu ofesi ndi ina yakale imene inkakhala m'shedi youmitsira mbewu. Tinkakhala kumudzi kwa mkazi wanga, panjira ya ku Kabudula, m'nyumba ya njerwa zowotcha imene ndinamanga pamalo amene amalume ake anandilozera. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anali atangoyamba kulankhula zomveka.

Kwathu ndi ku Phalombe. Kuno ndinali mkamwini, ndipo mkamwini akaferedwa amasudzulidwa: akuchikazi amamuthokoza, n'kumumasula kuti azipita kwawo. Mwana amatsala, poti ndi wa mbumba yawo. Palibe amene anandiuza zimenezi mwaukali. Amalume a malemu anangoti, "Tikamaliza kukolola tidzakhala pansi, bambo. Musade nkhawa." Ndinayankha kuti ndamva.

Nkhani inali yoonekeratu. Kontirakiti ikanatha osawonjezedwa, ndikanakwera basi ya ku Phalombe, mwana n'kumamuona pa Khirisimasi. Ikanawonjezedwa, ndikanachita lendi chipinda pa Nsaru, pomwe njinga imafika kumudziko munthu asanatuluke thukuta. Abwana a pafamupo anali atanena kale kuti za ine adzaziona akaona pulogalamu ya m'shedi ikugwira ntchito.

M'shedimo chimanga chosatonola chinkathiridwa m'mabokosi akuluakulu, fani n'kumauzira mpweya wofunda kuchokera pansi. M'bokosi lililonse munali kachipangizo koyeza chinyezi, ndipo waya wake unkafika pa kompyuta yakale ija. Abwana ankafuna galafu pa sikirini, mzere woyenda wokha kuchoka kumanja kupita kumanzere, wotsika pamene mbewu ikuuma, kuti woyang'anira shedi azingoponyako maso.

Pulogalamuyo ndinailemba mwachangu, mutu uli kwina. Pulogalamu inkafunsa kachipangizo, n'kudikira yankho, n'kujambula mzere wonse kuyambira pomwe inayatsidwa, n'kufunsanso. Kachipangizoko kankachedwa kuyankha, nthawi zina osayankha n'komwe. Pulogalamu ikamadikira sinkamva china chilichonse. Ukagwira mausi, windo la pa sikirini linkayera ngati lathiridwa ufa, mzere n'kuima pomwepo. Mmawa inkayesetsa. Pofika masana manambala a chinyezi anali atachuluka, ndipo kuwajambula onse kunkailemera.

Ku koleji tinkati kompyuta yahang'a. Mayi amene ankayang'anira shedi, ochokera ku Machinga, amene anabwera kuno ndi amuna awo pa utenanti wa fodya, anali ndi mawu awoawo.

"Achimwene, chinthu chanu chija chaumanso."

"Yaima pang'ono chabe, mayi."

"Yaima? Munthu woima amaphethira. Iyi yauma gwa. Bwerani muithire madzi."

Ndinkapita, n'kuizimitsa, n'kuiyatsanso. Mawuwo anafala, mpaka ine ndemwe ndinayamba kuwanena.

Tsiku lina mwana anadzuka thupi litatentha, ndipo ndinapita naye kuchipatala ndi apongozi anga. Foni ndinaiika m'chikwama. M'shedi muja mzere unaima, mayi aja anandiimbira osandipeza, ndiye anaimbira abwana, amene anali ku Namitete kukagula dizilo, pakati pa phokoso la maminibasi.

"Bwana, kuno yauma."

"Yauma? Msanga chonchi?"

"Ee, kalekale. Siikuyenda."

"Chabwino. Zimitsani fani, auzeni atonole aike m'matumba. Mubokosimo mulowe ina."

Mayiwo anadabwa, koma anaganiza kuti abwana akudziwa chochita kompyuta ikafa. Iwo ankanena kompyuta, abwana anamva mbewu. Bokosi lonse linatonoledwa likadali ndi chinyezi, matumba n'kusokedwa. Patapita masiku, atatsegula thumba limodzi, munali fungo la chuku.

Abwana sanakalipe. Anandiitanira mu ofesi, n'kundifunsa kaye za mwana.

"Zimene mukudutsamo ndikuzidziwa," anatero. "Koma eni famu sadziwa maliro, amadziwa matumba. Mbewu yomaliza ikamalowa m'shedi, chinthuchi chikhale chikuyenda. Apo ayi tibwerera ku njira yakale yoluma njere ndi mano, ndipo pamenepo inu sindingakutetezeni."

Ndinayamba kumapita ndi laputopu kunyumba. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde dzuwa lisanalowe. Mwana tsopano ankagona kwa agogo ake, nyumba yachitatu kuchoka pathu. Anati n'kwabwino azolowere. Ndinkamumva akuseka ndi anzake kuseri kwa nkhokwe. Nthawi zina ankabwera, n'kudina batani limodzi ndi chala chonona, n'kuthawa.

Kale ndikakanika chinthu ndinkafotokozera mkazi wanga. Za makompyuta sankazidziwa ndipo sankanamizira. Ankasenda mtedza uku akuti, "Ndiye kenako?" Ndikamafika pa kenako wachitatu, vuto ndinali nditaliona ndekha. Madzulo ena ndinapezeka nditatembenukira kukhomo, pakamwa nditatsegula kale. Ndinabwezera maso pa sikirini.

Mlamu wanga, mchimwene wa malemu, ndi yekhayo amene sankandilankhula motsitsa mawu. Ankadutsa pochokera kudimba, khasu paphewa.

"Alamu, mukadali kulima pagalasi pomwepo? Chaka chino mukolola ngolo zingati?"

"Zokwana kukugawirani."

"Aa, ine ayi. Chimanga chanu chija ndamva ndi cha chuku, eti?"

Anakhala pa njerwa, n'kufunsa chimene chikuvuta. Ndinayamba kufotokoza, koma ndisanafike patali anayasamula, n'kunena kuti mbuzi sizinalowe m'khola. Ndinapitiriza ndekha chamumtima.

Vuto linali loti ntchito ziwiri ndinazipatsa wantchito mmodzi: kudikira kachipangizo ndi kusamala windo. Ndinazilekanitsa. Mbali imodzi ya pulogalamu, imene timaitcha thiredi, ndinaisiya kuseri kuti izingofunsa ndi kudikira. Yankho likabwera iziika nambala pamndandanda, osakhudza sikirini. Mbali inayo ndinaipatsa kawotchi. Kakagunda, imayang'ana ngati pabwera nambala yatsopano. Ikapeza imajambula, ikapanda kupeza sidikira, imabwerera kukamvera mausi.

Chinatsala ndi kulemera kwa masana kuja. Njira yake ndinkaidziwa kuyambira ku koleji: pa sikirini pazikhala manambala a posachedwa okha, yatsopano ikalowa kumanja, yakale kwambiri izituluka kumanzere. Ndi mizere yochepa kulemba. Ndinakhala masiku angapo ndisanailembe. Ndinkayesa njira zina zoti mzere wonse uzionekabe kuyambira pachiyambi, kuufinya, kudumpha manambala ena, ndipo zonse zinkangochedwetsa vuto lomwelo. Potsiriza ndinailemba Loweruka lina masana, nditaonetsetsa kuti nambala iliyonse ikusungidwa mu fayilo isanachoke pamaso. Ndinakhala ndikuyang'ana mzere ukulowa kumanja, ukutuluka kumanzere, kwa nthawi yaitali kuposa imene kuyesako kunkafuna.

Pamwamba pa galafu ndinaikapo mawu akuluakulu ofiira akuti MBEWU SINAUME, oti azisanduka obiriwira chinyezi chikatsika kufika poyenera. Pakona ndinaikapo wotchi yoyenda, kuti ikaima aliyense adziwe kuti chaima ndi makina.

Mbewu yomaliza italowa, abwana anabwera m'shedi. Anagwira windo ndi mausi, n'kulikokera uku ndi uku ngati akusasa mkeka. Mzere unkayendabe. Anawerama, n'kuzula waya wa kachipangizo. Galafu inapitiriza kuyenda ikusiya mpata wopanda mzere, pansi patalembedwa kuti kachipangizo sikakuyankha. Atabwezera waya, mzere unayambiranso.

"Mayi, mwaona?" anafunsa.

"Ndaona. Lero ikuphethira."

Tinaisiya mpaka madzulo, ndipo mawa lake tinaipeza ikuyenda. Mawu atasanduka obiriwira, abwana anatengabe njere imodzi n'kuiluma. Inalira. Potuluka anandiuza kuti ndidutse ku ofesi ndikasainire chaka china.

Anandisudzula mwezi wotsatira, Loweruka mmawa. Tinakhala pamikeka kutsogolo kwa nyumba. Kuchokera kwathu kunabwera achimwene anga aakulu okha. Amalume a malemu analankhula bwino: kuti ndinasunga mwana wawo, kuti pamudzi sindinayambanepo ndi munthu, kuti ndikadali mnyamata ndipo iwo sangandimange. Apongozi anga anakhala chakumbali, nkhope ataphimba ndi chitenje. Atandifunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati sindikupita ku Phalombe, ndapeza chipinda pa Nsaru, ndipo ndikupempha kuti ndizibwera kudzaona mwana. Amalumewo anayang'ana apongozi. Apongozi anagwedeza mutu movomera.

"Mwana ndi wanu," amalumewo anatero. "Njira simuifunsa."

Katundu anakwana m'ngolo imodzi. Mlamu wanga ndiye anayendetsa ng'ombe, ndipo njira yonse ankanyoza matiresi anga. Chipindacho chinali kuseri kwa chigayo, ndipo magetsi akayaka khoma linkanjenjemera.

Lamlungu lotsatira ndinapalasa njinga kupita kumudzi nditatuluka m'tchalitchi. M'nyumba yathu ija anali atalowamo mng'ono wake wa malemu ndi mwamuna wake, ndipo mwana anali momwemo. Ndinamumva ali m'kati akuimba. Pazenera panali katani wina. Ndinatsamiritsa njinga pamtengo, n'kuima pabwalo, kapepala ka mabisiketi kali m'manja.

"Odi," ndinatero.

M'katimo wailesi inkalira kwambiri, sanandimve. Ndinanenanso mokweza pang'ono.