Chikhomo Chosadula

Kuno aliyense amawadziwa kuti a Gadabuza. Ndi kalipentala wopuma pantchito, wamtali, wadazi, woyenda ndi chikwama cha zida kumsana. Ali m'gulu la anthu odzipereka amene amayendera okalamba ndi odwala. Anzawo amachapa ndi kusesa, iwo amakonza. Bedi logwedera, chitseko chokana kutsekeka, ndodo yoyendera yotha mphira kunsi, zonsezo ndi zawo, ndipo salandira kanthu.

Dzinali lidabwera chifukwa cha khalidwe limodzi. Akalowa m'nyumba, moni usanathe n'komwe, amanyamula mpando, kuugadabuza, n'kuyamba kusisita kunsi kwake.

"Inu a Gadabuza, pansi pa mpando mudatayapo mkazi?" ankawaseka amayi otsogolera gululo.

"Ndidatayapo mtundu wonse, mayi," ankayankha.

Sizinali zocheza. Bambo awo adafika m'tauni ali okha, ndipo mpaka kumwalira sadatchulepo za kwawo. Chochokera kumeneko adasiya chimodzi chokha: kapangidwe ka mpando. Sankakhoma msomali. Miyendo ankailumikiza ndi zikhomo za mtengo, ndipo chomaliza ankachisiya chosadula, chotuluka kunsi ngati dzino, chopendekera kumanzere. Ukazula chimenecho, mpando wonse umamasuka osaswa thabwa. "Wodzakonza asadzavutike," ankatero bambowo. "Ndi mmene ankapangira bambo anga." Ndiye a Gadabuza adaganiza kuti agogo awowo sakadaphunzitsa mwana mmodzi yekha, ndipo mipando imasamuka pamodzi ndi eni ake.

Zaka zidapita, akugadabuza mipando ya misomali yokhayokha. Chilimwe china, fumbi litafiiritsa masamba m'misewu, adokotala adawauza kuti maso awo akuzima kuyambira m'mbali, ndipo mankhwala angochedwetsa mdimawo.

"Bambo a ana, khalani pansi tsopano," adatero akazi awo. "Abale anu ndife tili panofe."

"Ndikudziwa, mayi. Koma ndikufuna kuona nkhope ya munthu wa kwa bambo ndi maso angawa, asanatseke."

M'mawa mwake adapempha gulu kuti liwapatse nyumba za kutali, zimene ena ankakana.

Mvula yoyamba idawapeza kumapeto kwa msewu wamatope, kuseri kwa chigayo, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Munkakhala mayi wamasiye wodwala miyendo. Mwana wake, telala, ankachoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Mayiyo ankaswera pa mpando wakuda ndi ukalamba, pafupi ndi zenera.

"Mayi, tadzukani pang'ono ndione mpandowo."

"Mwabwerera denga kapena mpando? Denga ndi ilo likudontha. Mpando uwu saugwira munthu."

Adakonza denga. Sabata yotsatira adapala chitseko chimene chidatupa ndi chinyezi. Kenaka shelefu, kenaka chogwirira cha kubafa. Nthawi zonse mayiyo akasuntha, mpandowo unkalira, ndipo a Gadabuza ankaima nyundo ili m'mwamba. Mpando wa misomali umalira mwachitsulo. Uwu unkalira ngati nthambi ziwiri zokhulana pamphepo.

"Mwatha zokonza, bambo, mukungokhomakhoma khoma," adatero mayiyo tsiku lina. "Kwanu akukuthamangitsani?"

"Ayi, mayi. Ndikudikira mpandowo."

"Mudikira mpaka mukalambe."

"Ndakalamba kale."

Dzinja lidatha, udzu udauma. Njira idayamba kuwachepera, ankaiona ngati akusuzumira m'paipi. Adagundidwapo ndi njinga imene sadaione. Akazi awo adabisa chikwama cha zida kumwamba kwa kabati, iwo adachipeza ndi manja n'kunyamuka.

Nthawi ya chisanu matabwa amauma n'kufota. M'mawa wina adapeza mayiyo atakhala pamphasa, nkhope ili gwa. Mpando udali chogona pakona, mwendo wakumbuyo utagweduka.

"Mwasangalala?" adatero mayiyo. "Tengani. Koma musakhomepo msomali. Komanso kunsiko kuli kamtengo kotuluka, kamene kandithera nsalu. Mwana wanga ankafuna kukadula, malemu amuna anga adatsala pang'ono kumumenya. Musakadule."

A Gadabuza adagwada. Pakonapo panali mdima, sankaona kanthu. Zala zidayenda zokha m'mbali mwa thabwa, kudutsa ndodo yopingasa, mpaka zidagunda dzino lija. Lidali lopendekera kumanzere. Adaligwedeza, adalizula, ndipo mpando wonse udamasuka m'manja mwawo mwakachetechete.

Mayiyo adatong'ola maso. "Adakuuzani ndani zimenezo? Akalipentala onse amafika ndi sowo."

"Bambo anga. Wodzakonza asadzavutike."

Mayiyo adanena kuti mpandowo adapanga ndi amuna awo, ndipo mawu amenewo ankawanena kawirikawiri. Amunawo adali ndi mkulu wawo amene adayambana ndi bambo ake n'kuchoka, osabwereranso. Amuna awowo adabwera m'tauni kudzamufuna, adamufuna mpaka imvi.

"Mwachedwa, mwana wanga. Adatisiya zaka ziwiri zapitazo."

A Gadabuza adazunguza chikhomocho m'zala. Adafunsa za mudzi, za dzina la agogo, ndipo mayiyo adayankha zimene ankakumbukira. Sizinali zambiri. Kenaka adakuwira mnansi kuti akaitane telala uja kumsika.

Telalayo adafika thukuta lili kamukamu, tepi yoyezera ili m'khosi, bambo wonenepa wa imvi m'ndevu.

"Amayi, mwagwanso?"

"Sindinagwe. Pereka moni kwa achimwene ako."

M'nyumbamo a Gadabuza ankangoona chithunzithunzi. Adamugwira dzanja telalayo, kumukokera panja pamene dzuwa la masana linkawala, n'kumuimika patsogolo pawo. Adayendetsa kadiso kotsalako pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi. Nsidze zokumana pakati. Makutu otambasuka. Kachibwano kogawika, kamene adakaona komaliza m'bokosi la maliro a bambo awo.

"Achimwene, mukundiyeza suti?" adafunsa telalayo.

"Khala chete, mphwanga. Usagwedezeke. Sindinathe kuona."

Atakhutira adalowanso m'nyumba, adasema mwendo uja n'kuubwezera, ndipo chikhomo chomaliza adachisiya chosadula.